Firiza siipha majeremusi: mmene ndimasungira nyama yaiwisi ya amphaka anga

Amphaka anga awiri amadya nyama yaiwisi, ndipo anthu akamva zimenezi amathamangira kufunsa za ndalama. Ine chimene chimandidetsa nkhawa n'china. Nyamayo ikachoka pa mpeni wa abucha, imakhala maola angati ili yofunda isanafike m'mbale ya mphaka? Ambirife kuno ku Lilongwe timaikhulupirira kwambiri firiza. Timaona ngati chinthu chikangouma gwa ndi chisanu ndiye kuti chayera. Ayi ndithu. Kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro kumaletsa mabakiteriya kuswana, koma sikuwapha. Majeremusi a Salmonella amene alowa m'firiza ndi nkhuku mu Januwale adzatulukamo amoyo mu Juni, ndipo nyamayo ikangofunda amapitiriza pomwe analekezera. Pakatentha bwino, ena mwa iwo amawirikiza kawiri mphindi 20 zilizonse.

Wina anganene kuti kumudzi mphaka amadya mkute ndi mitu ya usipa n'kumanenepa bwinobwino. Zoona, koma mphaka ameneyo usiku amakhala kunkhokwe kugwira mbewa, masana abuluzi ndi mbalame. Anga ali mu mpanda wa njerwa ku Area 49, alibe kosaka. Thupi la mphaka limadalira nyama, ndipo mu nyamamo muli chinthu china chofunika m'thupi chotchedwa taurine chimene thupi lake silitha kupanga chokwanira. Chikasowa, maso amayamba kuchita khungu. Mu 1987 akatswiri a za ziweto a pa yunivesite ya California ku Davis anapezanso kuti mtima wa mphaka wosowa taurine umatupa n'kufooka. Taurine amapezeka wambiri mu mtima ndi m'nyama yakuda ya ntchafu za nkhuku. Nsima ilibe.

Zambiri za kasungidwe ka nyamayi anandiphunzitsa ndi mwana wa achimwene anga amene akukhala ku England. Iye amaweta tinyama tina totchedwa ferret, tating'ono, tathupi lalitali ndi miyendo yaifupi, ta m'banja limodzi ndi kanyimbi, chiuli ndi katumbu. Azungu akhala akutiweta kuyambira kalekale potulutsira akalulu kuuna. Kanyamaka kamadya nyama yokhayokha, ndipo matumbo ake ndi aafupi moti chakudya chimadutsa m'maola 3 kapena 4 okha. Choncho kamadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo mwini wake amakhalira kusungunula nyama tsiku ndi tsiku. Kumeneko amagula mbewa ndi anapiye a tsiku limodzi zoumitsa kale m'firiza. Tsiku lina tikucheza pa WhatsApp anandiuza kuti, "Azakhali, vuto la tinyama timeneti ndi kubisa. Kakakhuta kamanyamula khosi la nkhuku n'kukaliika kuseri kwa sofa." Ndiye amatidyetsera m'bokosi lotseka, ndipo madzulo aliwonse amayendera makona onse a nyumba kufunafuna zobisidwa. Sindingamulimbikitse munthu kuweta ferret kuno, chifukwa kutentha kukayandikira madigiri 30 kanyamaka kamatha kukomoka n'kufa, ndipo Okutobala wathu mukumudziwa. Koma malamulo a nyama yake ndi omwewo a nyama ya mphaka.

Kusiyana kwa iye ndi ine n'kumodzi: kwawo magetsi sazima. Iye nyama imasungunuka pamene wafuna. Kuno nthawi zina imasungunuka yokha iwe uli kuntchito, magetsi n'kubwera, n'kuumanso, iwe osadziwa kanthu. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene sanakumanepo ndi zimenezi.

Nkhani imayambira kogula. Kubucha ndimapita m'mawa, nyama isanakhale padzuwa ndi pa ntchentche tsiku lonse. Ndikamagula zidutswa za nkhuku zouma kale m'sitolo, ndimatembenuza paketi n'kuyang'ana pansi pake. Mukaona madzi ofiirira ataundana pakona, kapena makosi ndi nthutumba zitamatirirana kukhala chibuma chimodzi ndi magazi oundana pakati, dziwani kuti paketiyo inasungunukapo n'kuumanso. Ndimaibweza n'kutenga ina. Nyama ndimagula pomaliza penipeni, nditamaliza zonse za m'tauni, ndipo ndimaiika m'kabokosi kosunga kuzizira pamodzi ndi mabotolo awiri a madzi oundana. Lamulo lake ndi lakuti nyama yaiwisi isakhale kunja kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Amene anakwerapo minibasi kuchokera ku Old Town madzulo, n'kudikira kuti idzaze kenako n'kuima pamzere wa magalimoto, akudziwa kuti ola limodzi silichedwa kutha.

Pali nyama zina zimene sindilola n'komwe, ngakhale atandipatsa ulere. Nkhuku yofa yokha ndi yoyamba. Nthawi ya chitopa anthu amakonda kunena kuti "mupatseni galu" kapena "mupatseni mphaka", koma simungadziwe ndi maso chimene chapha nkhukuyo. Mu 2023 amphaka ambiri anafa ku Poland ndi chimfine cha mbalame cha H5N1, ndipo mu 2024 ku America amphaka ena anafa atadya nyama yaiwisi ya mbalame ndiponso mkaka wosawiritsa. Kachilombo kameneko firiza imakasunga bwino kwambiri. Nkhumba sindipereka yaiwisi. Chiwindi ndi mapapo a mbuzi ndimazicheka n'kuziunika pawindo. Ndikapeza timatuza todzaza madzi, zonse zimapita kuchimbudzi chokumba kapena pamoto, chifukwa timatuza timeneto ndi ana a njoka zam'mimba zimene zimakulira m'matumbo a galu, mazira ake n'kudzapatsira anthu. Musaponyere galu wa aneba.

Ndikafika kunyumba sindipuma kaye. Cholakwika chimene ndimachiona m'nyumba zambiri ndi kuponya jumbo yonse ya makilogalamu 2 m'firiza mmene yabwerera. Mawa lake mukufuna kachidutswa kochepa, ndiye mukuyenera kusungunula chibuma chonse, kudulako, n'kubwezera chotsala. Pofika kumapeto kwa sabata nyama ija yafunda n'kuuma kangapo, ndipo ulendo uliwonse majeremusi awonjezekera. Ine ndimagawiratu. Mphaka wamkulu wa makilogalamu 4 amadya magalamu pafupifupi 100 mpaka 150 patsiku, kutengera msinkhu ndi kutakataka kwake. Ndiye kapaketi kalikonse kamakhala ka tsiku limodzi: nyama ya ntchafu, mtima umodzi kapena iwiri, nthutumba, khosi la nkhuku laliwisi chifukwa cha mafupa, ndi kachiwindi kakang'ono. Chiwindi chisachuluke, magawo 5 pa 100 alionse ndi okwana. Chili ndi vitamini A wambiri, ndipo mphaka wodya chiwindi tsiku lililonse mafupa a khosi ndi msana amayamba kuuma mpaka kulephera kudzinyambita.

Kapaketiko ndimakaphwathalitsa ndi chikhatho, n'kufinya mpweya wonse ndisanamange. Nyama yophwathalala imauma msanga ndiponso imasungunuka msanga. Ikauma mochedwa, madzi a m'kati amapanga timiyala tikulutikulu timene timang'amba minofu, ndipo posungunula imatuluka madzi ambiri. Mpweya ukatsalira, nyama imachita mawanga otuwa ouma. Siyoopsa, koma Phulusa, mphaka wanga wamkulu, amangoinunkhiza n'kuchokapo. Pamwamba ndimamata tepi n'kulemba deti. Timapaketi tatsopano ndimatiyala m'mbali mwa firiza, osati kutiunjika pamodzi, kufikira titauma.

Mabuku amati zidutswa za nkhuku zingakhale miyezi 9 m'firiza, ndipo nyama yogaya ndi zam'kati miyezi 3 kapena 4. Ziwerengero zimenezo ndi za firiza yosazima. Ine sindisunga ya kupitirira mwezi umodzi. Koma sindiperekanso nyama imene yalowa dzulo, ndipo apa ndi pamene firiza imathandizadi. Mabakiteriya siiwapha, koma tizilombo tina tokhala m'minofu imatipha. Kamodzi ndi Toxoplasma. Mphaka akadya nyama yokhala ndi kachilomboka amatulutsa mazira ake m'chimbudzi kwa sabata imodzi mpaka zitatu, ndipo mayi woyembekezera akakatenga akhoza kupita padera, kapena mwana kubadwa ndi vuto la maso ndi ubongo. Nyama ikakhala masiku angapo pa kuzizira kwenikweni kwa firiza, kachilomboka kamafa. Ine ndimadikira sabata yathunthu. Ndipo gulani kachipangizo koyezera kuzizira mukaike m'katimo, chifukwa firiza zakale zambiri, makamaka zimene labala wa pachitseko anatha, sizifika pa 18 pansi pa ziro ngakhale zikulira usiku wonse.

Pano ndilankhule ndi amayi anzanga amene timagulitsa mafirizesi ndi thobwa. M'nyumba zambiri firiza ndi imodzi, ndipo ndi yomweyo imene imabweretsa ndalama ya ndiwo. Taganizani mmene mwana wasukulu amadyera firizesi. Satsegula ndi lumo. Amaluma pulasitiki ndi mano, n'kumayamwa, pulasitikiyo ili m'kamwa mpaka atamaliza. Tsono ngati usiku magetsi anazima, jumbo ya makosi a nkhuku imene inali pamwamba n'kudontha, madzi amenewo ali pa pulasitiki imene mwanayo akuyamwa. Magetsi atabwera anaumira pomwepo, osaoneka, osanunkha. Mwana akatsekula m'mimba palibe amene adzaganizire za firiza yanu. Ine nyama ya amphaka imakhala m'chidebe chake chokhala ndi chivundikiro cholimba, pansi penipeni, ndipo chilichonse chimene munthu adzadye osaphika chimakhala pamwamba m'basiketi. Ngati chidebe chotere mulibe, ndi bwino kusiya kaye nyama yaiwisiyo kufikira mutachipeza.

Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira miyezi imene inatsatira. Nthawi imeneyo ndi imene inandiphunzitsa kuti firiza yodzaza ndi yosiyana ndi yopanda kanthu. Yodzaza, ngati simukutsegula, imasunga kuzizira maola pafupifupi 48. Yodzaza theka, maola 24. Firiji wamba, maola 4 okha. Choncho mpata uliwonse wotsala ndimaudzaza ndi mabotolo a madzi, osadzaza mpaka kukamwa kuopa kuphulika. Magetsi akazima ndimafunditsa bulangete pamwamba, ndipo ana amadziwa kuti chitseko chimenecho sichitsegulidwa. Akayaka ndimachotsa bulangetelo msanga kuti injini ipume.

Nanga ukachokapo, wapita ku maliro kumudzi masiku angapo, udziwa bwanji zimene zachitika? Tengani botolo loonekera m'kati, thirani madzi theka, ligonekeni cham'mbali m'firiza mpaka madziwo aume. Akauma liimikeni chilili. Madzi oundanawo adzakhala atamatirira mbali imodzi ya botolo kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mukabwerako n'kuwapeza ali chomwecho, firiza sinasungunuke. Mukawapeza atakhazikika pansi pa botolo mosalala, ndiye kuti zonse zinasungunuka n'kuumanso, ngakhale nyama ikuoneka yolimba bwinobwino.

Magetsi akabwera ine ndilipo, ndimagwira paketi iliyonse. Imene idakali ndi timiyala ta madzi oundana m'kati ikhoza kuumanso. Imene yafewa yonse koma ikuzizirabe ngati yochokera m'firiji ndimaiphika tsiku lomwelo, nditachotsa mafupa. Imene yafunda ndimataya, ndipo apa ndi pamene anthu amandiona ngati wowononga. Amati, "Mayi, bwanji osangonunkhiza?" Mphuno imamva kuola, koma Salmonella sanunkha, ndipo nyama yoopsa imatha kuoneka yofiira bwino. Ena amati ingowiritsani kwambiri. Mabakiteriya ena monga Staphylococcus amasiya poizoni amene satha ndi moto. Kutaya nyama kumawawa, makamaka mmene zinthu zakwerera mitengomu, koma ndimataya.

Tsopano kusungunula kwenikweniko, kumene ngozi yambiri imabisala. Chizolowezi chathu ndi kutulutsa nyama m'mawa, kuiika m'beseni pasinki kapena padzuwa, n'kupita kuntchito. Ena amaithira madzi otentha. Vuto lake ndi lakuti nyama sisungunuka yonse nthawi imodzi. Kunja kumafunda msanga pamene m'kati mudakali gwa, ndipo majeremusi ambiri amakhala kunja komweko. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pamene amaswana kwambiri, ndipo khitchini ya ku Lilongwe imakhala m'menemo chaka chonse, ngakhale mu Juni. Nyama ya banja imapulumukirako chifukwa imakathera mumphika wowira. Ya mphaka siidutsa pamoto.

Ine madzulo aliwonse, ndikamaliza kutsuka mbale, ndimatulutsa kapaketi ka mawa n'kukaika m'kabakuli kotseka pa shelefu ya pansi penipeni m'firiji. Pofika m'mawa kasungunuka. Chinthu chachikulu ngati nkhuku yathunthu chimafuna tsiku lonse ndi usiku womwe pa makilogalamu 2 alionse, koma kapaketi kophwathalala usiku umodzi wakwana. Madzi ofiira amene amatsalira m'kabakuli sinditaya. Taurine amasungunuka m'madzi, ndiye ena amatuluka ndi madzi amenewo. Ndimawathira m'mbale pamodzi ndi nyama, ndipo Nyenyezi, mphaka wanga winayo, amayamba wanyambita amenewo.

Nyama yosungunuka isapitirire tsiku limodzi kapena awiri m'firiji. Pali bakiteriya wina, Listeria, amene amaswana ngakhale pozizira madigiri 4. Ndi yemwe uja anavuta ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu poloni, pamene anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. Firiji imangomuchedwetsa.

Tsiku limene magetsi kulibe ndipo firiji yafunda, kapena limene nyama ikufunika mwamsanga, ndimagwiritsa ntchito madzi ozizira. Paketi ikhale yomanga bwino, yosalowa madzi, imizidwe yonse m'beseni, ndipo madziwo azisinthidwa mphindi 30 zilizonse. Theka la kilogalamu limasungunuka pafupifupi ola limodzi, kapaketi ka mphaka sikafikanso pamenepo. Chenjerani ndi madzi a pampopi nthawi yotentha, makamaka ochokera m'thanki imene yakhala padzuwa, chifukwa amatuluka ofunda. Ndimaponyamo botolo limodzi la madzi oundana. Nyama yosungunula motere idyedwe nthawi yomweyo, isabwererenso m'firiza. Microwave sindigwiritsa ntchito n'komwe. Imaphika mbali zina n'kusiya zina zouma, ndipo fupa la nkhuku likangopsa limasweka mosongoka n'kubaya kukhosi kapena m'matumbo. Fupa laliwisi limaphwanyika bwino pa mano a mphaka, lophika ayi. Popeza amphaka sakonda chakudya chozizira kwambiri, ndimaviika paketiyo m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zochepa chabe, mbale ili kale pansi ndipo eni ake akundizungulira m'miyendo.

Akadya ndimapereka theka la ola. Chotsala chimatayidwa, chifukwa ntchentche ndi nyerere sizichedwa, ndipo mphaka nayenso nthawi zina amakokera khosi la nkhuku pansi pa bedi monga amachitira ferret. Mbale zawo ndi zachitsulo, poti pulasitiki imakalika ndipo majeremusi amakhala m'mikwingwirimamo. Ali ndi mpeni wawo, thabwa lawo lodulirapo ndi siponji yawo. Ndimatsuka ndi sopo ndi madzi otentha, kenako ndimapukuta ndi madzi a Jik, supuni imodzi yaikulu mu lita imodzi ya madzi, n'kutsukuluza bwino. Nkhuku yaiwisi sinditsuka pampopi. Ndikudziwa kuti ambirife tinakula tikutsuka, koma madziwo amathovukira pa makapu ndi pa tomato amene ali pambali, ndipo majeremusi sachoka ndi madzi.

Ndiyenera kunenanso izi poyera. Madokotala ambiri a ziweto sagwirizana ndi kudyetsa nyama yaiwisi, ndipo bungwe lawo la ku America linanena zimenezi momveka mu 2012. Chifukwa chawo ndi chomveka. Mphaka akhoza kukhala wathanzi, wonyezimira ubweya, koma akutulutsa Salmonella m'chimbudzi ndipo ali nayo pakamwa. Amene amadwala ndi munthu. Ngati m'nyumba mwanu muli mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 5, agogo okalamba, kapena wina amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kaya ndi HIV kaya ndi mankhwala a khansa, nyama yaiwisi isalowe m'mbale ya chiweto. Musanayambe n'komwe, kachezeni ndi a vetenale. Kuno tili ndi mwayi wa chipatala cha ziweto cha LSPCA, ndipo mukapita kukabayitsa katemera wa chiwewe mukhoza kufunsa za chakudya ndi mankhwala a njoka zam'mimba ulendo womwewo.

Alamu anga atabwera kudzakhala nafe ndi mwana wokwawa, amene chilichonse chapansi chimathera m'kamwa, ndinasiya yaiwisi mpaka atapita. Kagawidwe, kaumitsidwe ndi kasungunulidwe zinali zomwezo, kungoti m'mawa nyamayo inkadutsa mumphika. Ndinkachotsa mafupa onse ndisanaphike, n'kuwiritsa ndi madzi ochepa, ndipo msuzi wake ndinkathira m'mbale momwemo chifukwa taurine amathawira mu msuzi. M'malo mwa mafupa ndinkawiritsa zigoba za mazira, kuziyanika, n'kuzisinja mu kamtondo mpaka zikhale ufa wosalala, pafupifupi theka la kasupuni ka tiyi pa theka la kilogalamu ya nyama. Mchere sindinkathira. Anyezi ndi adyo siziyandikira mphika umenewo chifukwa zimawononga magazi a mphaka ndi galu yemwe, n'chifukwa chake ndiwo zathu zotsala, ngakhale zikhale za nyama, amphaka anga sindiwapatsa.